Kandege Kanasenza Mabatire Atatu

Chaka chimene nyanja inadzaza mpaka kumeza matandala athu oyanikapo usipa ndi chaka chomwe mlamu wanga, mwamuna wa mng'ono wanga, anapita kukawonjola matchera m'mawa osabwerako. Inali nyengo ya mwera. Anapalasa yekha, poti mnzake woyenda naye anali atatupa tsaya ndi dzino. Dzuwa lisanafike pamutu mphepo inadzuka, nyanja inayera ndi thovu, ndipo mabwato anayamba kubwerera limodzilimodzi, eni ake atatuwa milomo. Tinaima pa kamchenga kamene kanatsala, maso ali tong'o kumadzi. Bwato la mlamu silinaoneke.

Kwathu ndi kumwera pang'ono kwa pamene mtsinje wa Bua umathira m'nyanja. Mwera ukawomba, chilichonse choyandama chimakankhidwira kumeneko, ndipo chaka chimenecho kumathiriro a Bua sikunali kopita munthu. Madzi anali atalowa m'madambo ndi m'minda ya mpunga. Mabango anazuka ndi mizu yomwe n'kumayandama ali chigulu, zilumba zenizeni, zina zazikulu kuposa bwalo la mpira, lero zili apa mawa zili apo. Maboti a injini ankapita kukafunafuna mphepo ikapumira, koma ankangozungulira kunja. M'kati mwa mabango injini imakodwa, ndipo ng'ona za pa Bua sizifunsa kuti mwabwera ndi vuto lanji.

Abale a mlamu anafika kuchokera kwawo ku Kanyenda, atatsogozedwa ndi amalume ake. Ndikanakonda akanakhala munthu waukali, bwenzi nditapeza wokangana naye, poti ine pakamwa panga sipachedwa kutentha. Koma anali bambo wofatsa, wa chifuwa chosatha, wolankhula akuyang'ana zala zake. Anakhala nafe pansi pa mtengo wa mango masiku angapo, maso kunyanja. Kenaka anatiitana, ine ndi mng'ono wanga, kuti anene zimene aliyense ankaziyembekezera. Kwathu kuno munthu akasowa m'madzi thupi osapezeka, amadula thunthu la nthochi, kulikulunga m'nsalu, n'kuliika m'manda m'malo mwa mwini wake. Akatero maliro amalirika, anthu amameta, ndipo mkazi amadziwika kuti ndi wamasiye.

"Mayi," anatero kwa mng'ono wanga, "sitikukuumirizani ayi. Koma anthu atopa, ndipo mwana wathu sangakhale pakatikati chonchi, kwa amoyo kulibe, kumanda kulibe. Tiloleni tidule nthochi timugoneke."

Mng'ono wanga anali atagwada. Sanakweze mawu. "Amalume, mukadula nthochiyo ndiye kuti mwawapha ndinu. Ine sindinaone kanthu. Ndionetseni ngakhale nkhafi yokha."

Ine mumtima ndinali kumbali ya amalumewo. Ndinabadwira pagombe, mwera ndimaudziwa, ndipo mlamu ndinali nditamulira kale ndekha kuseri kwa bafa. Ndinkamukonda munthu uja. Anali wosayankhulayankhula, woti ndikamuputa ankangoseka n'kundisiyira nsomba ya mpasa pakhomo, ine n'kusowa popitirizira mkangano. Koma kulira kwanga kunali ndi malire, pamene mng'ono wanga sankadya, sankasamba, ankangoyenda m'mphepete mwa madzi kutola chilichonse chimene mafunde alavula, patapata wa munthu wina, chidutswa cha chingwe, n'kumachitembenuza m'manja. Ndinkachita naye mantha.

Apa m'pamene analowerera msuweni wathu. Anzake akamachokera ku Joni amabwera ndi malata, ena njinga yamoto; iyeyu anabwera ndi chidole chouluka, droni, chimene pamudzi tinkangoti kandege. Kanali koyera, ka mapiko anayi ozungulira, ndi kadiso pansi pa chibwano, ndipo zimene kadisoko kaona zinkaoneka pa foni yake iye ali pansi. Lamulungu lililonse ankakaulutsa pabwalo la mpira, nkhuku balalabalala, ndipo pa maukwati ankajambula anthu kuchokera m'mwamba, madazi a akuluakulu onse poyera. Pachisuweni timanyozana momasuka. Iye ankanditchula kuti akazi anga, ine ndinkamuuza kuti mwamuna wandevu zake wosewera ndi chidole sindingamutenthetsere ngakhale madzi osamba. Koma tsiku limenelo anabwera wopanda nthabwala, kandege kali m'chikwama, nati tikayese.

Tinapita naye pa chulu cha kumapeto kwa minda ya chinangwa, pomwe mtunda wouma unkathera. Kandege kananyamuka, kakulira ngati njuchi, n'kulunjika kumpoto. Pa foni tinaona minda yomira, tinaona madenga a misasa ya asodzi akungosuzumira m'madzi. Patsogolo patangoyamba kuoneka mzere wobiriwira wa zilumba zija, foni inalira titititi, kandege kanatembenuka kokha n'kubwerera. Msuweni anati kanapangidwa choncho: batire likayamba kuchepa sikamvera munthu, kamathawira kumene kachokera. Anali ndi mabatire atatu. Anaika lachiwiri, kanakafika pomwepo n'kubwerera. Lachitatu chimodzimodzi. Ndinakatukwana kachinthuko pamaso pa mwini wake.

"Asuweni," anatero mng'ono wanga, "bwanji osaika onse atatu nthawi imodzi?"

"Malo ake ndi a limodzi basi, asuweni."

Asodzi amene anatitsatira anaseka, kuseka koyamba chisowereni mnzawo. Wina anati nayonso injini ya boti ili ndi thanki imodzi, koma akamapita kutali amasenza zigubu za petulo n'kumasuntha paipi. Nanga chovuta n'chiyani? Msuweni anakanda m'mutu. Anati anaonapo pa foni anthu akunja akuchita zotero, kumangirira mabatire ena kunja n'kuwalumikiza ndi mawaya, koma iye sanayesepo, ndipo kandege kakhoza kulemedwa. Mng'ono wanga sanamuchonderere. Anangomuyang'ana, ndipo msuweni anabweza kandege m'chikwama n'kufunsa ngati alipo wopita ku boma ndi njinga yamoto.

Amalume aja anavomera kudikira. Anati kandege kauluke ulendo umodzi umenewo, kakapanda kuona kanthu nthochi idulidwe. Mng'ono wanga anavomera ndi mutu.

Msuweni anabwerako mawa lake. Wokonza mafoni wina ku boma anali atasegula mabatire awiri n'kuwotcherera mawaya ofiira ndi akuda, kukulunga ndi tepi. Limodzi mwa awiriwo linali lotupa pamimba ngati chitumbuwa.

"Ili ladwala chiyani?" ndinafunsa.

"Lakhala lotero kuyambira kale. Limagwira ntchito."

"Inunso mwakhala otero kuyambira kale, koma ntchito sitinaione."

Sanaseke, ndipo ine ndinachita manyazi. Kumangirira anamanga asodzi, ndi malegeni odula ku chubu cha njinga, momwe timamangira dengu la nsomba pa kaliyala: kukoka, kuzunguliza, kukokanso, kupisa nsonga. Anamanga bwino kwambiri, sindinganame. Kandege kanaoneka ngati kali ndi pakati, miyendo yake osafikanso pansi, mpaka anachita kukaikira njerwa uku ndi uku.

Panali chinanso. Msuweni anati ndi mawaya achilendowa kandege kakhoza kusokonezeka n'kubwerera pamalo pakale paja, choncho anazimitsa nzeru yake yobwerera yokha ija. Kuyambira pamenepo wobweza anali iye. Asodzi anamulimbitsa mtima ndi lamulo lawo la panyanja: umapita mpaka mafuta afike theka, theka linalo n'lobwerera. Pa foni pamaoneka kachizindikiro ka batire kamene kamatsika pang'onopang'ono. Kakafika pakati, atembenuke. Tonse tinaona kuti n'zomveka, ine ndemwe.

Anagwirizana zoulutsa m'mamawa, nyanja isanadzuke. Koma kwathu magetsi ndi a dzuwa, ndipo sola ya kometera tsitsi kumene ankatchajira inathera panjira batire lachitatu lisanadzaze. Tinachita kudikira kuti dzuwa likwere. M'mawa umenewo ndimaukumbukira chifukwa cha bata lake. Nyanja inali phee, yosalala, popanda ngakhale kafunde kamodzi. Kutali, pakati pa madzi, nkhungu za m'nyanja, tizilombo touluka tija, zinaima ngati utsi wa nyumba zikupsa. Mbalame za m'mabango, zimene zimasokosa tsiku lililonse, zinali zii. Mayi wina wachikulire anayang'ana kumwera, kumene kunali kamzere kakuda pamwamba pa madzi, anamangitsa chitenje chake n'kubwerera kwawo.

Pa chulu tinadzaza, amalume aja atawakhazika pampando. Kandege sikanadumphe monga kale. Kanalira mawu ena, aakulu, obuula, kanapendekera uku ndi uku, fumbi lili kobo, kenaka kanadzikoka n'kukwera. Msuweni anakhala pansi, rimoti ndi foni zili pamaondo, wina atamuphimba ndi ambulera kuti chithunzi chioneke. Mng'ono wanga anagwada pambali pake, ine kumbuyo kwa mng'ono wanga, asodzi atatiunjikira pamsana.

Minda yomira ija inadutsa, madenga aja anadutsa. Pamalo pobwererapo paja kandege kanapitirira, ndipo anthu anawomba m'manja. Tinaona pamene madzi ofiira a Bua amakumana ndi a nyanja, mzere wake wokhotakhota. Tinaona mvuu zitaunjikana. Kenaka zilumba zija, zambiri kuposa mmene tinkaganizira, ndi tinjira ta madzi akuda pakati pake. M'mphepete mwa chilumba china munagona zinthu zotuwa zondondozana. Wina kumbuyo anati ndi mitengo, asodzi anangoyang'anana, poti ng'ona ankazidziwa. Msuweni ankayendetsa pang'onopang'ono, chilumba ndi chilumba, thukuta likudontha pachibwano. Kachizindikiro kaja kankatsika mwaulemu ndithu, ndipo asodzi ankati mwaona, zigubu zikugwira ntchito.

Kanafika pakati. "Ndikubweza," anatero msuweni.

"Dikirani." Mng'ono wanga anaika chala pagalasi. "Apo. Bwererani apo."

Pakona ya chithunzi, m'kati mwa mabango, munali chinthu chachitali chosongoka. Msuweni anatembenuza kadiso. Linali bwato, litalowetsa mutu m'mabango, ndipo chakumbuyo kwake kunali chigamba chachikasu. Mng'ono wanga anatulutsa mawu amene sindinawamvepo pakamwa pa munthu. Chigambacho chinali cha chigubu cha mafuta ophikira chimene mlamu anakhomera pamng'alu, ndipo anamudulira ndi mng'ono wangayo, ndi mpeni wake wosendera chinangwa. M'bwatomo munali chinthu chakuda, chogona m'litali mwake. Kuchokera m'mwamba monsemo, pa foni yaing'ono, chithunzi chikudukaduka chifukwa cha kutalika, sichinkadziwika kuti n'chiyani. Akanatha kukhala matchera ounjika. Akanatha kukhala munthu atadziphimba.

Nthawi yomweyo ambulera inatembenuzika. Mwera unatipeza ife poyamba, kuchokera kumsana, masamba a chinangwa onse anagona, mchenga ukutilasa m'miyendo. Nditacheuka, nyanja yosalala ija inali itada.

"Tsikani pafupi, asuweni!" anakuwa mng'ono wanga. "Tsikani ndiwaone!"

"Asuweni, mverani." Msuweni ankalankhula mofulumira. "Pa foni pano sitiona bwino ngakhale nditsike. Chithunzi chenicheni chili pa kadi, m'kati mwa kandege. Kakafika kuno tiona chilichonse, ngakhale nkhope. Ndikatsika sikabwerako."

"Theka lilipo," anatero asodzi. "Bwezani, kafika."

"Tsikani!"

Msuweni anayang'ana ine, ngati ine ndimadziwa za ndege. Ndinatseka pakamwa, tsiku lokhalo m'moyo wanga. Anatembenuza kandege, bwato linachoka pagalasi, ndipo mng'ono wanga anamumenya chibakera paphewa.

Zimene zinatsatira ndimazilota mpaka lero. Kandege kanaloza kwathu, koma pansi pake zilumba sizinkasuntha. Chilumba chimodzi chomwecho chinakhala pagalasi, mabango ake atagona ndi mphepo, chikusendera pang'ono n'kubwereranso. Ndipo kachizindikiro kaja kanayamba kugwa ife tikuona, kobiriwira kanasanduka kachikasu, kachikasu kanasanduka kofiira. Foni inalira osalekeza. Msuweni anakankha timitengo ta rimoti mpaka zala kuyera, akunong'ona kuti tiye, tiye, mwana wa amayi. Patapita nthawi anadzandiuza yekha chimene tonse sitinachiganize. Boti likamwa petulo limapepuka, pobwerera limathamanga. Batire likatha limalemera chimodzimodzi ngati lodzaza. Popita kunali bata, koma pobwera kandege kankakoka katundu yense uja pamimba, mwera uli pachifuwa.

Madzi anayamba kukula pagalasi. Tinaona mafunde limodzilimodzi, tinaona thovu, tinaona tsamba la kakombo likuzungulira. Chithunzi chinaima, kenaka kunada. Msuweni anapitiriza kukankha timitengo tija kanthawi ndithu, mpaka msodzi wina anamulanda rimoti mofatsa.

Mwera umenewo unawomba masiku angapo osapumira, boti silikanatha kutuluka. Utaleka, maboti a pagombe pathu ndi a magombe oyandikana anapita onse, msuweni ali m'boti lotsogola kuloza malo pa mapu a foni. Pamalopo anapeza madzi okhaokha. Zilumba zinali zitasweka, zina zitakankhidwira kumpoto, zina zitalowa pakati pa nyanja. Anafufuza zimene anakwanitsa kuzifika, kubaya ndi nsungwi, kuitana dzina mpaka mawu kusasa. Bwato la chigamba chachikasu silinaonekenso.

Chinatsala ndi kachidutswa ka kanema kamene foni inasunga, kosaoneka bwino, kakafupi zedi. Mudzi wonse unakaonera. Ena ankati ndi matchera, simukuona zoyandamitsa zake izo. Ena ankati ndi munthu wagona chagada, mkono uli pamphumi. Mayi wina analumbira kuti mkonowo ukugwedezeka, mwamuna wake anati ndi mthunzi wa bango. Anthu anakangana mpaka ena kusiya kupatsana moni.

Pomaliza foni inafika kwa amalume aja. Anapukuta magalasi awo ndi nsonga ya malaya, anaonera, anati abwezerenso, anaoneranso. Kenaka anaitana mng'ono wanga.

"Mayi, ine ndinabwera kudzadula nthochi. Sindingathenso. Ndikadula, pamene uyu ndi mwana wathu ndipo akupuma, ndidzayankha chiyani? Mwina anthu a kutsidya anamutola. Mwina ayi. Dzanja langa lakana."

Mawa lake anabwerera ku Kanyenda ndi anthu awo onse. Maliro sanalirike, palibe anameta, ndipo mpaka lero kumanda kulibe pamene ana a mlamu angaloze. Mng'ono wanga anapeza chimene ankalimbira, ndipo sindinaonepo kupambana kowawa chotero. Si wamasiye, si wapabanja. Amuna amamuopa, akumpingo sadziwa gulu lomuika. Kukamveka kuti ku Dwangwa kapena kwina kulikonse kwapezeka munthu wosadziwika, wamoyo kapena wakufa, amavala n'kupita. Msuweni anabwerera ku Joni chaka chomwecho, foni anamusiyira mng'ono wanga, ndipo kumudzi sabwera ngakhale pa Khirisimasi.

Chaka chathachi tinali awiri kudambo, tikuvuula chinangwa chimene tinaviika, manja akununkha. Tinkakamba za mbuzi za oyandikana nawo zimene zinkatha mbewu. Kenaka mng'ono wanga analankhula osandiyang'ana.

"Achemwali, aliyense ananena zimene anaona. Inu nokha simunanene."

"Ndinaona matchera," ndinatero. "Alamu anagwa m'madzi tsiku loyamba lomwelo. Sanavutike."

Anafinya chinangwa n'kuchiponya m'beseni.

"Inenso ndimafuna ndizikhulupirira choncho. Chifukwa ngati anali iwo, ndiye kuti masiku onse aja anali m'mabangomo, kutidikira." Anapukuta manja pachitenje. "Koma achemwali, pachulu paja, pamene chinthu chakuda chija chinagwedezeka pa foni, munandigwira mkono. Zikhadabo zanu zinandisiyira mabala."

Tinamaliza kuvuula, ndinamusenzetsa beseni lake, n'kutsala ndikutsuka langa mpaka atapita patali.